Kodi 11 Koloko Imeneyo Ndi ya Kuti?

Lero ndabwera ndi nkhani ya mlamu wanga. Wandilola kuti ndiikambe, bola dzina lake lisamveke, chifukwa akuti anzake a kumsika angamuseke mpaka chaka chamawa.

Mlamu wangayu ali ndi kasitolo ka zitenje ndi madiresi. Zaka zingapo zapitazo anatsegula webusaiti yoti anthu aziona katundu ndi kuitanitsa ali kunyumba. Ogula ambiri ndi a m'tauni momwemo, koma ena ndi abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amene amagulira amayi awo kumudzi. Webusaitiyo sikhala m'sitolomo ayi. Imakhala pa kompyuta yaikulu ya kampani ina ku California, imene odziwa amati seva, ndipo iye amalipira lendi chaka ndi chaka ngati munthu wokhala m'nyumba ya eni. Pa lendi yomweyo, makina a kampaniyo amakopera zonse za pa webusaitiyo tsiku lililonse, zithunzi, mitengo, maoda, mayina a ogula, n'kuzisunga padera. Imeneyo ndiyo bakapu. Ili ngati nkhokwe ya kuseri kwa nyumba, imene suiganizira mpaka tsiku limene ufa watha.

Lachisanu lina mu Januwale, 7 koloko m'mawa, asanatsegule sitolo, anaona uthenga woti kapulogalamu kena ka pa webusaitiyo katuluka katsopano. Anadina kuti kalowe. Webusaiti yonse inangoti mbee, tsamba loyera lopanda chitenje n'chimodzi chomwe. Sanatekeseke. Anati bakapu ilipo, ndikonza ndikabwerako kooda katundu. Masana atabwerako anatsegula mndandanda wa mabakapu, ndipo pamwamba penipeni panalembedwa kuti Lachinayi, 23:00. Anawerengera mmene tikanawerengera tonsefe: dzulo 11 koloko usiku, ine ndili mtulo, zonse zili bwinobwino. Anaibwezeretsa. Tsamba loyera lomwe lija. Anabwerezanso. Chimodzimodzi. Kachitatu sanayese, anangondiimbira foni atapsa mtima: “Alamu, anthu awa akungondidyera ndalama. Bakapu yawo ndi yabodza.”

Sinali yabodza. Inatchula tsiku ndi ola molondola, kungoti sinanene kuti olalo ndi la kuti. Mu Januwale, California amakhala kumbuyo kwathu ndi maola 10. Pamene wotchi ya seva inkati 11 koloko usiku Lachinayi, kuno inali 9 koloko m'mawa Lachisanu, tiyi titamwa kale, ndipo webusaiti ya mlamu wanga inali itagona kale maola awiri. Makinawo anakopera wodwala pamodzi ndi matenda ake, ndipo mlamu ankamubwezera pamphasa yomweyo n'kumadabwa kuti sakudzuka. Kope labwino linali lotsatira pa mndandandawo, lolembedwa kuti Lachitatu, 23:00, limene kwa ife linali la Lachinayi m'mawa.

Agogo athu analibe vuto lotereli. Wotchi yawo inali kumwamba ndi pakhola: tambala woyamba, m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, chisisira. Aliyense ankaona dzuwa la kwawo, ndipo panalibe uthenga umene unkathamanga kuposa dzuwalo. Ngakhale ku Ulaya, tauni iliyonse inkatchera wotchi yake poyang'ana dzuwa lake. Chimene chinasokoneza mtendere umenewu ndi sitima yapamtunda. Mzinda wa Bristol uli kumadzulo kwa London, ndipo dzuwa limafika paliwombo kumeneko patapita mphindi pafupifupi 10 lifikire ku London. Woyenda pa ngolo sankazimva mphindi zimenezo, koma wokwera sitima ankasiyidwa nazo pa siteshoni. Mu 1840 kampani ya njanji ya Great Western Railway inalamula kuti masiteshoni ake onse azitsatira nthawi ya ku London. Mpaka lero ku Bristol kuli wotchi ya pakhoma yokhala ndi mivi iwiri ya mphindi, wina wa nthawi ya kwawo, wina wa nthawi ya ku London. Ndikanakonda bakapu ya mlamu wanga ikanakhala yoona mtima ngati wotchi imeneyo.

Mu Okutobala 1884 nthumwi za mayiko 25 zinakumana ku Washington n'kugwirizana kuti mzere wodutsa pa Greenwich, ku London, ukhale poyambira kuwerengera dziko lonse. France sanavote nawo, ndipo anakhala zaka zoposa 25 akukakamira nthawi ya ku Paris. Masamu ake ndi apafupi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola limodzi, ndiye kuti digiri iliyonse ndi mphindi 4. Nthawi ya pa Greenwich ndi imene okonda nkhani za pa BBC amaidziwa kuti GMT. Makompyuta amatsatira m'bale wake wotchedwa UTC, amene amayezedwa ndi mawotchi a atomu, koma pa nkhani yathu ya lero awiriwa ndi amodzi.

Ife a ku Malawi tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, pamodzi ndi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. Wotchi yathu inatcheredwa pa mzere wa madigiri 30, umene sudutsa n'komwe m'dziko muno, umadutsa ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Blantyre ali pa madigiri 35, n'chifukwa chake kumeneko dzuwa limafika paliwombo 12 koloko isanakwane, pamene ku Cape Town, kumene wotchi imanena chimodzimodzi ndi yathu, limafika patapita ola lathunthu ndi kamphindi lifikire ku Blantyre. Amene mumakaoda katundu ku Mbeya mukudziwa kuti mukangowoloka Songwe, ola limodzi lapita, ngakhale dzuwa ndi lomwe lija limene linakuwotchani tsidya lino.

Mpaka pamenepa nkhaniyi ikanakhala yophweka. Ukadziwa kuti seva yako ili kuti, uwonjezera kapena kuchotsa maola, basi. Koma kuli mayiko amene wotchi yawo sikhala malo amodzi, ndipo apa ndikufuna ndiitane akatswiri enieni a nkhaniyi m'dziko muno, amene ndi anyamata a m'mavidiyo oonetsa mpira. Funsani aliyense wa iwo kuti masewero a Loweruka masana a ligi ya ku England amayamba nthawi yanji. Akuuzani kuti mu Ogasiti ndi Seputembala ndi 4 koloko, koma ikafika Novembala ndi 5 koloko, mpaka kumapeto kwa Malichi. Ku England komweko mpirawo sunasunthe, umayamba 3 koloko chaka chonse. Chasuntha ndi wotchi yawo. Lamulungu lomaliza la Malichi amaikankhira kutsogolo ndi ola limodzi kuti adyerere kuwala kwa nyengo yotentha, ndipo Lamulungu lomaliza la Okutobala amaibweza. Mnyamata amene sanakhalepo pa kompyuta amazidziwa bwino zimenezi chifukwa anaphonyapo chigawo choyamba cha masewero. Koma ife amene timasamalira mawebusaiti a masukulu, matchalitchi ndi mabizinesi timaiwala kuti seva imene ili ku London ikhoza kuchita zomwezo.

Msampha woipitsitsa, mmene ndikuonera ine, ndi seva ya ku Germany kapena ku France imene yatcheredwa pa nthawi ya kwawo. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi 7 yathunthu, wotchi ya ku Frankfurt imanena ndendende zimene ikunena ya ku Lilongwe. Munthu amene wayamba ntchito mu Epulo amazolowera, n'kukhulupirira kuti makinawo amadziwa nthawi ya kwathu. Kenako m'mawa wina kumapeto kwa Okutobala, popanda wogogoda, zonse zabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi. Kusiyana kwa maola 10 kumaoneka msanga chifukwa usana umasanduka usiku. Kwa ola limodzi kumabisala, ndipo munthu amayamba wakayikira mutu wake.

Aku America nawo amasintha, koma pa masiku awoawo. Kuyambira 2007 amakankha wotchi Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kuibweza Lamulungu loyamba la Novembala. Choncho mu Malichi mumakhala milungu iwiri kapena itatu pamene New York wasintha koma London sanasinthe, ndipo chakumapeto kwa chaka mumakhalanso mlungu umodzi wotero. Ngati webusaiti ili ku Virginia, kumene kuli maseva ambirimbiri a Amazon, ndipo makope ake amakasungidwa ku Ulaya, pa milungu imeneyo ngakhale kapepala kamene munalembapo kusiyana kwa maola kadzakunamizani. Ndipo musati America yonse ndi imodzi: mbali yaikulu ya Arizona sisintha wotchi, ili ngati ife.

Taganiziraninso za usiku weniweni wosinthawo. Ku America, mu Malichi, ikangokwana 2 koloko usiku wotchi imadumphira pa 3 koloko. Ndiye kuti 2:30 ya usiku umenewo kulibe. Mu Novembala ikakwana 2 koloko imabwerera pa 1 koloko, ndipo 1:30 imachitika kawiri. Tsono anthu ambiri amakonda kutchera bakapu pa maola omwewo, poti ndi pamene webusaiti ili zii. Kapulogalamu kamene kamadzutsa ntchito pa nthawi yake m'maseva ambiri kamatchedwa cron. Mitundu ina ya cron inaphunzitsidwa kusamala usiku umenewu, koma ina imangodumpha ntchitoyo, kapena kuigwira kawiri. Ikagwiridwa kawiri, mafayilo awiri akhoza kutuluka ndi dzina limodzi, ndipo yachiwiri n'kukhala pamwamba pa yoyamba.

Tiyeni tilowe pang'ono m'mimba mwa makinawo, chifukwa muli chinthu chimene chinandidabwitsa nditachimva koyamba. Kompyuta sidziwa m'mawa kapena madzulo. Maseva ambiri amangowerenga masekondi, imodzi imodzi, kuyambira pakati pa usiku wolowa pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC. Nambala imeneyo inadutsa 1 biliyoni mu Seputembala 2001, ndipo inakwana 1.7 biliyoni mu Novembala 2023. Ndi imodzi padziko lonse. Ku Tokyo, ku Mzuzu, ku Lima, pa kamphindi kano nambalayo ndi yomweyo. Makina akale amene anaipatsa malo ochepa adzasefukira pa 19 Januwale 2038, kuno ikadzakhala 5:14 m'mawa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chofunika lero n'chakuti ola limene inu mumaona pa sikirini ndi chovala chabe. Pulogalamu imatenga nambala ija n'kuiveka malaya a dziko limene yauzidwa. Vuto ndi lakuti pa webusaiti imodzi pamakhala ovalitsa angapo, ndipo sakambirana.

Woyamba ndi seva yeniyeniyo, imene imatsatira nthawi imene eni ake anaitchera. Wachiwiri ndi pulogalamu imene webusaiti yamangidwirapo. Ya mlamu wanga ndi WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003. WordPress ili ndi wotchi yakeyake, ndipo kawirikawiri ikangoikidwa kumene imayambira pa UTC mpaka mwini wake atalowa pa Settings n'kusankha dera lake. Wachitatu ndi laputopu kapena foni yanu, imene imadziwa kuti muli ku Malawi. Ndiye bakapu imodzi yomweyo ikhoza kuoneka ndi nthawi zitatu. Pa mndandanda wa kampani ikuti Lachinayi 23:00. M'kati mwa WordPress ikuti Lachisanu 07:00. Pa foni panu uthenga wake wafika Lachisanu 09:00. Onse atatu akunena zoona, ngati mboni zitatu za mlandu wa mbuzi zimene zinaima mbali zosiyana za dimba. Choipa n'chakuti ola limene lalembedwa m'dzina la fayilo limauma pomwepo. Nambala ya masekondi ikhoza kuvekedwanso malaya ena, koma dzina ndi dzina, silisintha ngakhale fayiloyo itawoloka nyanja.

Mukamasankha dera pa WordPress musavutike kufunafuna Lilongwe, simumupeza. Mupeza Blantyre. Si nkhani ya ndale ayi. Mndandandawo umachokera ku kaundula wa nthawi za padziko lonse amene Arthur David Olson anayamba kusonkhanitsa m'zaka za m'ma 1980, amene kwa zaka zambiri tsopano akusamalidwa ndi Paul Eggert, ndipo kuyambira 2011 ali m'manja mwa bungwe la IANA. Kaundulayu amatchula dera ndi dzina la mzinda waukulu, osati likulu la boma, ndipo pamene ankalemba, wamkulu kuno anali Blantyre. M'kati mwake dzina la Blantyre limangolozera ku Maputo, monganso Lusaka ndi Harare, poti mawotchi athu akhala akuyendera limodzi. Pa Windows ndiye dziko lathu silioneka n'komwe, timasankha mzere wolembedwa Harare, Pretoria.

Kaundula ameneyu amakonzedwa pafupipafupi chifukwa maboma sakhazikika. Sudan anachoka pa nthawi ya kum'mawa kwa Africa n'kubwera pa yathu mu 2017, South Sudan anatsatira mu 2021. Namibia anasiya zosintha wotchi mu 2017, pamene Egypt anayambiranso mu 2023. Samoa ndiye anachita zoposa onse: mu 2011 anagona Lachinayi pa 29 Disembala n'kudzuka Loweruka pa 31, pofuna kuti masiku awo azigwirizana ndi a Australia ndi New Zealand, amene amachita nawo malonda. Munthu wa kumeneko akafuna bakapu ya pa 30 Disembala 2011, aifunafuna mpaka imvi.

Pali kanthu kenanso ka WordPress kamene kamapusitsa anthu ngakhale wotchi itatcheredwa bwino. Ntchito zimene imakonzera nthawi siziyamba zokha. Zimadikira kuti munthu wina atsegule tsamba la webusaitiyo, ndiye pamene WordPress imayang'ana ngati pali ntchito yotsalira. Webusaiti ya nyuzipepala, imene anthu amalowapo usiku wonse, sizimva zimenezi. Koma ya sukulu ya kumudzi, imene mwaiuza kuti izichita bakapu 2 koloko usiku, ikhoza kudikira mpaka 6 koloko m'mawa pamene kholo loyamba lalowa kudzaona fizi.

Kope lija mukalitsitsira pa kompyuta yanu, mavuto ena amayambira pomwepo. Tsiku limene mumaona pambali pa fayilo nthawi zambiri ndi tsiku limene mwaitsitsa, osati limene inapangidwa. Mafayilo a zip, mwa chibadwa chawo, amasunga ola la pamalo pamene anapangidwira popanda kunena dera. Mafulashi ambiri amene timayenda nawo m'matumba, aja a FAT32, amachitanso chimodzimodzi, pamene diski ya m'kati mwa kompyuta ya Windows imasunga UTC. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali kalembedwe ka madeti. Munthu wa ku America akalemba 03/04 akunena pa 4 Malichi. Ife tikawerenga timamva pa 3 Epulo. Apa ndiye sitikukambanso za maola, tasemphana ndi mwezi wathunthu.

Ngakhale seva ikhale pa UTC, imene ili pafupi nafe, pali maola awiri amene ndimawaopa: kuyambira 12 koloko usiku mpaka 2 koloko. Pa maola amenewo kuno kwalowa tsiku latsopano koma makina adakali dzulo. Masiku ambiri palibe amene amasamala. Koma chaka cha chuma cha boma lathu tsopano chimayamba pa 1 Epulo. Ndalama imene yalowa kudzera pa webusaiti 12:30 usiku wolowa pa 1 Epulo, m'mabuku a seva ikhoza kuoneka kuti inalowa pa 31 Malichi nthawi ya 22:30, ndiye kuti chaka chatha. Wowerengera ndalama ndi wosamalira webusaiti akhoza kukangana tsiku lonse, aliyense atagwira pepala lake. Chimodzimodzinso mafomu a ntchito kapena a sukulu amene amatsekedwa pakati pa usiku. Pakati pa usiku pa ndani?

Atolankhani anzanga, izi zikukukhudzaninso. Ambiri a inu mumagwiritsa ntchito Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive limene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996, pofuna kuona zimene webusaiti inalemba isanazifufute. Mu adiresi ya tsamba lililonse losungidwa mmenemo muli manambala 14 ondondozana: chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi, sekondi. Nthawi imeneyo ndi ya UTC. Musanalembe kuti wakutiwakuti anasintha chikalata msonkhano usanachitike, wonjezerani maola awiri. Mwina mupeza kuti anasintha utatha, ndipo mutu wa nkhani yanu wagwa. Paja safunsa anadya phula.

Nanga tichite chiyani? Ena amati ingosinthani wotchi ya seva ikhale ya ku Malawi, nkhani ithe. Kwa ambiri a ife zimenezo sizitheka, chifukwa seva timagawana ndi alendi anzathu mazanamazana a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mlendi sasuntha khoma. Kwa amene ali ndi seva yawoyawo, ndivomereze kuti nthawi yathu si yoipa, poti sidumphadumpha. Komabe ine ndimaima ndi UTC. Webusaiti ya masiku ano siyenda yokha. Imalankhula ndi makina a malipiro, a maimelo, a kosungira makope, ndipo ambiri mwa amenewo amalemba mabuku awo mu UTC. Tsiku la tsoka mudzafunika kuika mabuku onsewo pambali pa linzake, maso ali ofiira ndi tulo, ndipo si nthawi yoyamba masamu imeneyo. Pa 31 Januwale 2017 injiniya wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi nkhokwe yaikulu ya kampaniyo, ndipo anapulumukira pa kope limene linatengedwa maola pafupifupi 6 m'mbuyomo. Antchito a kampaniyo ndi omwazikana m'mayiko ambiri, ndipo lipoti limene anatulutsa pofotokoza ngoziyo linatchula nthawi zake mu UTC. Zikanakhala kuti aliyense akunena za wotchi ya kwawo, akanayamba kumvana liti?

Chimene ndimakana ine ndi ola lopanda kwawo. Pali kalembedwe kovomerezeka padziko lonse, ISO 8601, kamene kanatuluka mu 1988. Kamayamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku, ola, ndipo kumapeto kamanena dera. Mukaona chilembo Z kumapetoko, ndiye kuti UTC. Oyendetsa ndege amachitchula kuti Zulu, koma Angoni musanyadire, si nthawi ya kwa makolo anu, ndi dzina chabe la chilembocho pa wailesi za m'ndege. Mukaona +02:00, imeneyo ndi yathu. Zilembo zochepa zimenezo zikanalembedwa pa mndandanda wa mlamu wanga, bwenzi nkhani ino kulibe. Ndipo kalembedwe koyamba ndi chaka kali ndi ubwino wina, mafayilo amadzindandalika okha kuyambira akale mpaka atsopano.

Koma ngakhale dzina lilembedwe bwino chotani, ine ndinaphunzira kusakhulupirira chikuto. Wogula thumba la chimanga pamsika amalowetsa dzanja mpaka pansi. Musanabwezeretse bakapu, itseguleni pambali, muone chinthu chomaliza chimene chinalowamo: oda yomaliza, nkhani yomaliza, dzina lomaliza kulembetsa. Chimenecho mumachidziwa ndi mutu wanu, mumakumbuka kuti mayi uja anaitanitsa nsalu ija nthawi ya nkhomaliro. Ndipo musanabwezeretse chilichonse, tengani kaye kope la webusaiti mmene ilili, yodwala yomweyo, chifukwa kubwezeretsa kumafufuta zimene kwapeza.

Ndibwerere kwa mlamu wanga. Madzulo a Lachisanu lija tinabwezeretsa kope lolembedwa Lachitatu, ndipo zitenje zinabwerera pa sikirini. Anaomba m'manja. Chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa atatsegula tsamba la maoda anapeza kuti zonse zimene zinalowa kuyambira Lachinayi 9 koloko m'mawa mpaka Lachisanu m'bandakucha kulibe. Tsiku lathunthu la malonda, kuphatikizapo oda ya mayi wina wa ku Johannesburg amene ankafuna nsalu zofanana za chinkhoswe cha mwana wake. Ndalama zinali zitalowa pa foni, koma mtundu wa nsalu, miyezo ndi kokapereka zinali zitapita.

Tinazipeza kuti? Mu bakapu yomwe ija imene anaitukwana. Mafayilo ake anali odwala, koma kaundula wa maoda anali wamoyo, ndipo anali ndi zonse mpaka 7 koloko m'mawa wa Lachisanu. Tinaitsegula pambali n'kukopera maodawo imodzi imodzi, mpaka tambala woyamba.

Tili mkati mokopera, ndinamupempha kuti andionetse maimelo amene kampani ija imatumiza bakapu ikatha. Anali asanatsegulepo n'imodzi yomwe, zinali zitangounjikana. Imelo iliyonse inkanena m'kati mwake kuti ntchito yatha 23:00, koma pambali pake foni inkaonetsa kuti inafika 9 koloko m'mawa, ndipo za miyezi ya pakati pa chaka zinkafika 8 koloko. Titatsegula mutu wa imelo imodzi ya mu Januwale tinapeza kumapeto kwa deti manambala akuti -0800, kutanthauza maola 8 kumbuyo kwa UTC. Tikawonjezera awiri athu, 10. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali osalankhula.

Ola la bakapu sakanatha kulisintha, ndi la eni nyumba. Chimene anasintha ndi ola lake. Masiku ano sadina kanthu kalikonse pa webusaitiyo imelo ija isanafike, ndipo pambali pa laputopu anamata kapepala kolembedwa ndi bolopeni: Novembala mpaka Malichi, 9 koloko, Malichi mpaka Novembala, 8 koloko. Lolemba lina chapakati pa Malichi ndinamva foni ikulira ndili m'bafa. Ndituluke, ndinapeza uthenga wake: “Alamu, aku California afulumira lero. Mwezi uja wakwana eti?”